Kwa achimwene anga ku Masambanjati

Achimwene,

Amayi andiuza kuti mvula yayamba, tiyi waphukira, ndipo mwalembedwanso yothyola. Akutinso anthu pamsika sanasiyebe kunena kuti munthu amene anatsika basi ya boma mu 2015, pothawa ziwawa za ku Durban, si yemwe anachoka kuno. Pamenepo akunena zoona. Chimene ndikukana n'choti munawonongeka.

Kwathuku mtchona timamuyeza ndi Nthondo, ngakhale amene sanaliwerenge bukulo. Samuel Josia Ntara analitulutsa mu 1933: mnyamata wakuba ndi wamwano apita kukasaka ntchito kutali, akumana nazo, abwerera, akhala mfumu, n'kutembenukanso mtima. Ntara anali mphunzitsi wa mishoni, n'chifukwa chake kusintha kwa Nthondo kumathera pabwino, poti aliyense aone ndi maso. Bukulo ndimalikonda, koma linatizoloweretsa kudikira munthu wobwera atakonzeka kale. Inu munabwera ndi kachikwama kamodzi ndi tulo tosagwira. Amayi amakupezani usiku mutakhala pamphasa, nsapato zili kuphazi, chifukwa galu wagunda chitseko.

Munthu amene ndimamuona mwa inu ndi Mchere, wa m'buku la Paul Tiyambe Zeleza la mu 1992, Smouldering Charcoal. Mchere ndi wantchito wa ku bekale, wokonda mowa, wokangana ndi mkazi wake Nambe, umphawi utamuumitsa mtima. Sitalaka imugwetsera m'ndende ya nthawi ya chipani chimodzi, komwe akhala limodzi ndi mtolankhani Chola. Chola afera momwemo. Mchere satuluka ali mngelo, satulukanso ndi chuma kapena ufumu. Chimene chasintha n'choti tsopano ululu wa mnzake akuumva ngati wake, ndipo waona kuti njala ya m'nyumba mwake ili ndi eni ake amene amaiweta.

Izi ndinaziona mwa inu chaka chatha pa sikelo. Kapitawo anakana dengu la agogo ena, ati masamba ndi okhwima, mulibe awiri ndi nsonga okhaokha. Mzere wonse unangoti zii, aliyense akusamala makilo ake. Inu munatula lanu, n'kugwada pansi, n'kuyamba kusankha nawo tsamba ndi tsamba mpaka dengu linalandiridwa, lanulo likufota padzuwa. Achimwene amene ndinakula nawo, okonda jekete ndi kuseka anthu olankhula Chilomwe pagulu, akanadutsa akuimba mluzu. Amene anagonapo m'tenti ndi anthu a ku Mozambique ndi Zimbabwe, onse akuthamangitsidwa ndi chikwanje chimodzi, sakanatha kudutsa.

Sindikuti zimene munaona ku Joni zinali zabwino. Zinakulandani kuseka kwanu, ndipo ine ndimakusowa kusekako kuposa mmene mungaganizire. Alamu nawonso atopa ndi kukhala chete kwanu. Mawu amene mumawasungawo ena ndi awo, apatseniko.

Buku la Zeleza lija ndapatsira kondakitala wa minibasi ya ku Makwasa yonyamuka ku Limbe Loweruka m'mawa, pamodzi ndi shuga wa amayi. Chingerezi cha bukulo si chovuta. Mukafika pamene Mchere ali m'ndende, mundiimbire, ndikufuna ndimve kwa inu ngati Zeleza analemba zoona za munthu wotsekeredwa.

Ndine mlongo wanu,
wa ku Bangwe