Ndalama ya basi ya ku Katete

Ndinatsitsimuka ndili pabedi loboola pakati, ndowa ili pansi pake, dripi ili kudzanja. Munali mu Januwale 2024, ndipo Heroes Stadium, kumene bambo a ana ankapita kukaonera Chipolopolo, inali itasanduka chipatala cha kolera. Ndinafunsa anamwino kuti amuna anga ali kuti. Anati ndiyambe ndamwa madzi a mchere ndi shuga. Mawa lake yankho linali lomwelo. Tsiku lachitatu anandipatsira foni, ndipo alamu anga atangoti "mulimbe mtima, mlamu", ndinadziwa.

Maliro a kolera sagona panyumba. Sasambitsa thupi, saona nkhope. Anawaika ku Chingwere ine ndili chigonere, ndipo mpaka lero pali masiku amene ndimaona ngati angochedwa kuntchito.

Tinakhala mu Kanyama zaka 14. Amene sanakhaleko sadziwa kuti pansi pake ndi mwala wokhawokha. Mvula ikagwa madzi salowa m'nthaka, zimbudzi zimasefukira, zonyansa n'kulowa m'zitsime zosaya zimene timatungamo. Mu 2018 kolera inabweranso, asilikali anathamangitsa ogulitsa m'misewu, ife a mu Kanyama anatiletsa kuyenda usiku, koma pakhomo pathu inalambalala. Tinayamba kudziona ngati akatswiri. Klorini tinkathira tikakumbukira.

Nditatuluka ndinapeza nyumba itapepuka. Makina owotcherera zitsulo, amene bambo a ana ankapangira mageti ku Kalingalinga, achibale awo anali atatenga, ati akasunge. Firiji nayonso ati akasunge. Alandilodi anandipepesa bwinobwino, kenako anakumbutsa za miyezi iwiri ya lendi. Amayi anga ku Katete anagulitsa mbuzi n'kunditumizira K900 pafoni. "Mwanawe, bwera kumudzi. M'tauni mulibe wako."

Sindinatsutse. Ndinamanga katundu m'zitenje ziwiri, ndipo m'bandakucha tinali pa Intercity, ine ndi ana atatu. Anyamata oitanira anali kukuwa "Chipata! Katete!" uku akulimbirana mitolo yathu. Mwana wanga wamkulu, amene chaka chimenecho anali mu giredi 7, anandikoka chitenje. Sukulu zinali zitatsekedwa chifukwa cha mliri, zinali zoti zitsegulidwa pa 12 Febuluwale. Anati, "Amai, nanga mayeso anga?"

Ndinakhala pamtolo. Anthu akamapereka umboni kutchalitchi amati anamva mawu. Ine sindinamve mawu aliwonse, ndinkangomva mahutala a mabasi ndi mimba yanga imene inali isanakhazikike. Pemphero langa linali lalifupi ndiponso lamwano: Ambuye, mwanditengera mwamuna, mwandisiya ine, ndiye mundiuze chimene mwandisiyira. Chimene chinabwera m'mutu ndi mayi wamasiye wa ku Zarefati, amene tinaphunzira ku Chigwirizano, uja anatsala ndi kaufa kodzaza dzanja ndi timafuta pang'ono m'nthawi ya chilala, koma anaphikabe. Kale nkhaniyo ndinkaimva ngati ya Eliya. Tsiku limenelo ndinaganizira za mayiyo, kuti manja ake ayenera kuti ankanjenjemera pokanda ufawo.

Anga ananjenjemera. Ndinauza ana kuti anyamule katundu, tinayenda wapansi mpaka ku Soweto Market, ndipo ndalama ya mbuzi ya amayi ndinagulira fulawa, shuga, yisiti, saladi ndi ndowa yokhala ndi chivindikiro, zoyambira malonda a vitumbuwa. Nditatsala ndi ya minibasi yokha, mantha anandigwira kuposa a pa Heroes paja, chifukwa tsopano kunalibe kobwerera.

Mayi wina wa Chigwirizano ku Chawama anatilandira. Anangoti, "Amake mwana, pansi apa m'pokwana." Tinagona pamphasa m'chipinda chake chochezera miyezi inayi.

Musaganize kuti zinayenda pomwepo. Ndani akanagula vitumbuwa kwa mayi wochokera ku Kanyama, woonda ngati bango, mliri usanathe? Tsiku loyamba ndinagulitsa zisanu ndi ziwiri, zotsalazo zinakhala chakudya chathu chamadzulo. Ndinayamba kuika chigubu cha madzi a klorini ndi sopo pambali pa mbaula, ndipo chitumbuwa sindinkachigwira ndi dzanja, ndinkabaya ndi foloko. Ena ankaseka kuti amai awa ayesa ali kuchipatala. Ndinkawauza kuti inde, ndachokera komweko. Amenewo ndiwo anakhala makasitomala anga oyamba.

Pa 29 Febuluwale a Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Ku Katete chimanga chinauma chisanabereke. Amayi, amene anakhala milungu itatu osayankha foni yanga chifukwa cha mbuzi yawo, anaimba okha usiku wina. Sanatchule za mbuzi. Anafunsa ngati ana akudya, ndipo mawu awo anandiuza kuti iwo sakudya. Madzi atachepa ku Kariba magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, malasha anakwera mtengo, phindu langa linkathera pambaula. Komabe mu Juni ndinalowa chilimba ndi amayi anzanga asanu, ndipo itafika nthawi yanga yolandira ndinatumiza thumba la unga pabasi ya ku Katete, ya pa Intercity pomwe paja.

Sindinena kuti Mulungu anaumitsa minda ya anthu kuti ine ndioneke wanzeru. Amene anafa pa Heroes ankapemphera kuposa ine, bambo a ana anali mmodzi wa iwo, ndipo funso limenelo ndikali nalo. Abusa ndinawafunsa, anangondigwira dzanja.

Tsopano tili m'chipinda chimodzi cha lendi ku Chawama, ndili ndi kantemba pafupi ndi poimira minibasi. Mwana uja anakhoza mayeso. Makina owotcherera akali kusungidwa. Ndikakwera minibasi ya Great North Road, tikamayandikira Heroes Stadium ndimayang'ana mbali inayo mpaka titadutsa.