Tazz yathu ya ku Zinniaville ndi masipuling'i odula

Sabata yatha m'bale wina anafunsa muno ngati n'zotheka kutsitsa galimoto yakale ndi ndalama zochepa koma n'kumapitabe nayo kumudzi. Ambiri munangoseka. Ife sitinaseke, chifukwa zimenezi zinatidyera mpamba.

Pa geni yathu tili awiri, pachilamu. Timakhala ku Zinniaville, ku Rustenburg, dera limene boma la tsankho linkaikako amwenye, ndipo mpaka pano mashopu awo ndi amene timaodako zinthu zina. Timatenga mafuta ophikira, sopo, mabulangete ndi nsapato kupita nazo ku Blantyre ndi ku Balaka. Katundu wambiri timapatsa a mathiraki ndi a mabasi, koma Disembala aliyense timayenda tokha pa galimoto yathu, Toyota Tazz ya 2002. Amene mumaidziwa Tazz simufunika kuuzidwa. Toyota inasiya kuipanga mu 2006 koma masipeya ake ali paliponse, ndipo makaniko aliyense wa pansi pa mtengo amaidziwa ngati mbale yake ya nsima.

Vuto linayamba ndi mphwathu, mwana wa achemwali. Anabwera ku Joni n'kupeza ganyu pa kampani ina yogwira ntchito ku migodi ya platinamu. Pakati pa chaka galimotoyo imangokhala, ndiye tinamulola kuti aziyendera. Kuno anyamata a ku migodi akalandira, Loweruka amakumana kotsukitsa magalimoto, ma Citi Golf ndi ma Polo atagwa pansi moti bokosi la machesi silingadutse kunsi, marimu akuwala. Mphwathu ataimika Tazz yathu pakati pawo inkaoneka ngati nkhuku yachikuda pakati pa nkhanga. Tsiku lina anabwera n'kugwada bwinobwino, amvekere, “Malume, mundilole ndiitsitseko pang'ono, ndalama ndilipira ndekha.” Tinalola. Kunena zoona nafenso tinkafuna kuiona itakongola. Munthu wa zaka makumi anayi nayenso ali ndi maso.

Chimene sitinafunse n'chakuti aitsitsa bwanji. Iye anafunsa mitengo ya masipuling'i enieni otsitsira, a mayina ngati Eibach ndi H&R, n'kuona kuti malipiro ake sakwana. Mnzake anamutengera kwa makaniko wina wa kuseri kwa nyumba, amene anachotsa masipuling'i onse anayi, n'kudula ndi giraindala, n'kubwezera pa mashoko akale omwewo. Madzulo galimoto inabwera itagwada, yokongola ndithu. Tinaijambula n'kutumiza kumudzi.

Apa mpomwe tikufuna mumvetse bwino, chifukwa ifenso tinazimva mochedwa. Sipuling'i ndi imene imanyamula kulemera kwa galimoto, shoko ntchito yake n'kuletsa kuti isamangodumphadumpha. Pakati pa pamene galimoto yakhala ndi pamene shoko imathera pali mpata, ndipo mpata umenewo ndi umene umameza maenje ndi katundu. Ukadula sipuling'i wadya mpatawo. Shoko imayamba kugwira ntchito ili pafupi ndi pothera pake, dzenje lililonse imagunda pansi, ndipo posakhalitsa imatulutsa oyilo. Chinanso, sipuling'i yodula siikhazikika bwino m'mbale yake. Tayala likalendewera, monga pokweza ndi jeke kapena podumpha hampu, imatha kusuntha. Ena amaiwotcha ndi gasi kuti ifupike yokha. Kumeneko ndiye kuipha, chitsulo chimafewa ndipo chimapitiriza kutsika mosafanana. Ndiye pali matayala. Galimoto ikatsika, matayala amapendekera mkati ndipo alayimenti imasokonekera, moti amadyeka mbali ya mkati imene suiona utaima panja.

M'tauni zonsezi sizinkaoneka. Mphwathu ankayenda yekha, mahampu ankawadutsa chopingasa pang'onopang'ono monga amachitira anyamata onsewa. N4 yopita ku Pretoria ndi yosalala, umangolipira toll basi.

Disembala itakwana tinapakira monga mwa nthawi zonse. Zigubu za mafuta ophikira za malita 20 zinalipo zisanu ndi chimodzi, ndipo chimodzi chimalemera pafupifupi makilo 18. Kuwonjezera makatoni a sopo, mabulangete pa keriyala, ndi anthu atatu. Tisanatuluke n'komwe pa geti, ekizozi inakhula pansi. Mlamu anati tibweze zigubu ziwiri, tinakangana pang'ono, n'kubweza chimodzi chokha. N1 tinayenda bwino, Polokwane, Musina, ngakhale usiku a mathiraki ankatiphethirira magetsi chifukwa kumbuyo kutagwa, nyali zathu zinkaloza m'maso mwawo. Pepani madalaivala, tinali ife.

Kuchoka pa Beitbridge kufika ku Harare ndi makilomita pafupifupi 580, ndipo nthawi imeneyo msewu unkakonzedwa, ndiye panali malo opatukira fumbi. Tinayenda ngati tanyamula mazira. Titafika ku Masvingo matayala akumbuyo anali akukhula m'mabodi, fungo la labala lili thoo. Koma chimene chinatimaliza ndi msewu wa ku Nyamapanda. Titadutsa Mutoko kunja kukuda, mvula itagwa, tinalowa dzenje lodzaza madzi. Tinangomva kuti phwa kunsi, kenaka kanyali kofiira ka oyilo. Mwamwayi mlamu anazimitsa injini nthawi yomweyo. Sampu inali itaphwanyika pafupi ndi boti yotulutsira oyilo, ndipo shoko yakumanja inali itatha ntchito.

Tinagona pomwepo. M'mawa anaima dalaivala wina wa thiraki ya ku Malawi, bambo wachikulire, ataona tikukupiza kanthambi. Anasuzumira kunsi n'kupukusa mutu, amvekere, “Achimwene, galimoto ya katundu mwaidula miyendo?” Anatipatsa Pratley Steel imene amayenda nayo, tinapukuta sampu ndi petulo, kumata, n'kudikira kuti iume. Oyilo tinakagula ku Mutoko pa mtengo wa munthu amene alibe kolowera. Bambo aja anatinyamuliranso zigubu zitatu mpaka pa Mwanza osalandira kanthu kupatula chakudya. Ngati muli muno mu gulu, Mulungu akudalitseni.

Kuchoka pamenepo tinayenda liwiro la njinga, Nyamapanda, Cuchamano, Tete, Zobue. Tinafika ku Blantyre patatha masiku asanu m'malo mwa atatu. Kasitomala wathu wamkulu wa mabulangete anali atagula kale kwa wina. Matayala awiri akutsogolo anali atatuluka waya mkati pamene kunja akuoneka atsopano. Titawerengera sampu, mashoko, matayala, masipuling'i ena ndi malo ogona, ndalama yake ikanagula masipuling'i enieni aja kawiri, n'kutsalanso ya petulo.

Tsono kwa m'bale amene munafunsa uja. Ngati galimoto yanu ndi yomweyo imene mumanyamulira katundu kudutsa maboda, ife tikuti isiyeni mmene inabwerera, ndipo ngati ndi yakale muigulire mashoko atsopano, kaya Gabriel, Monroe kapena KYB. Yang'anani pa disiki ya laisensi ya ku South Africa, pamalembedwa GVM ndi Tare. Chotsani Tare pa GVM, chotsalacho ndiye katundu yense pamodzi ndi anthu amene galimoto inapangidwira, ili pa msinkhu wake. Ambiri a ife timapyola kale nambala imeneyo tisanadule chilichonse.

Koma ngati ndi ya m'tauni ndipo mtima ukufunadi, sitikuletsani, ndalama ndi zanu. Gulani masipuling'i opangidwira mtundu wa galimoto yanuyo, otsitsa mamilimita 30 kapena 35, osapyola apo. Musawaike pa mashoko otopa, ndipo timalabala toletsa shoko kugunda pansi tikhale tabwino. Mukangomaliza pitani ku alayimenti tsiku lomwelo, osati mwezi ukatha. Za ma coilover otchipa opanda dzina amene amagulitsidwa pa intaneti, anzake a mphwathu awiri anaika, ndipo onse akudandaula msana ndi kugogoda. Amati umatha kukweza ndi kutsitsa, inde, koma mazinga ake akadya fumbi ndi dzimbiri sazunguliranso. Wa bakkie ngati Nissan 1400, amene amaika timabuloko pa masipuling'i a kumbuyo, nkhani ndi yomweyi: watsitsa, wachepetsa mpata wa katundu. Ngati muli ndi inshuwalansi auzeni kuti mwasintha, angadzakukanireni pa ngozi. Ndipo dziwani kuti pogulitsa galimoto kuno wogula amafunika roadworthy, masipuling'i odula akhoza kukubwezani.

Masipuling'i akale musataye. Ife athu anadulidwa, ndiye tinachita kukasaka ena ku sikirapu ku Ndirande, ndipo awiri oyamba amene anatigulitsa anali a Corolla ya mtundu wina, galimoto inaima chopendama mpaka tinabwereranso.

Mphwathu sitinamukalipire kwambiri, poti chilolezo tinapereka ndife. Anabweza theka la ndalama pang'onopang'ono kwa miyezi inayi. Pano akusunga zogulira Citi Golf yakeyake, akuti imeneyo adzaitsitsa mwadongosolo ndipo siidzaona Beitbridge. Tazz ili pa msinkhu wake wakale, marimu okha ndi amene tinamusiyira. Tikunyamuka nayo pa 14 Disembala kudzera pa Mwanza, ndipo amene mwadutsa masiku ano pakati pa Mutoko ndi Nyamapanda tiuzeniko mmene msewu ulili.