Msilikali wa pa bolodi naye azichita mantha

Kuchokera ku Meluluca, kudutsa pa Metangula ndi Messumba mpaka ku Cobue, palibe mudzi wa m'mbali mwa nyanja umene ulibe bawo. Mwera ukaletsa mabwato kulowa m'madzi, amuna amasonkhana pansi pa mango, ena pa bawo, ena pa drafuti ya zitsekerero za mabotolo. Masewera awiri onsewa ndi a nkhondo. Munthu amatchera, amadya za mnzake, amateteza zake. Koma pali chinthu chimodzi chimene njere za bawo ndi zitsekerero za drafuti sizidziwa: mantha. Chitsekerero ukachikankhira pakamwa pa adani chimapita osafunsa.

Nkhani ya mantha imeneyi ndiyo yautsa mtsutso pakhomo pa mphunzitsi wina wopuma pa ntchito kufupi ndi Messumba. Mphwake wa bamboyu, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, anabweretsa bokosi la masewera a nkhondo logula pa kaunjika. M'bokosimo muli mapu ogawidwa timagawo tangodya zisanu ndi imodzi ngati chisa cha njuchi, timakatoni toimira magulu a asilikali, madayisi awiri onga a ludo, ndi kabuku ka malamulo. Kumapeto kwa kabukuko kuli lamulo limene osewera angathe kulitsata kapena kulisiya. Aphunzitsiwo analitcha lamulo la mtima.

Lamuloli limayenda chonchi. Katoni iliyonse ili ndi nambala yosonyeza kulimba mtima kwa gululo, tinene 7. Gululo likaomberedwa, mwini wake amaponya madayisi awiri. Akaturuka ndi nambala yopitirira 7, asilikaliwo ataya mtima. Katoni imatembenuzidwa, siingaomberenso, ndipo iyenera kuthawira kuthengo kapena kuseri kwa nyumba mpaka mtsogoleri ataipeza ndi kuilimbitsa mtima. Amene anaphunzira masamu awerengere okha: madayisi awiri amagwa m'njira 36, ndipo 15 mwa njirazo zimapitirira 7. Gulu la nambala 8 limathawa pa njira 10 zokha. Kusiyana kwa nambala imodzi n'kwakukulu chotero.

Adzukulu a aphunzitsiwo ndi anzawo salifuna lamuloli. Ati limachedwetsa masewera. Ati munthu ukhoza kutchera bwino, mnzako wam'panikiza, koma dayisi n'kukulanda chigonjetso m'manja. Mmodzi wa iwo, wa sekondale ku Lichinga, anafunsa kuti, "Agogo, inu pa bawo mumalola kuti njere ikane kulowa m'dzenje?"

Funsoli ndi lanzeru, ndipo agogowo sanalinyoze. Bawo ndi wokoma chifukwa mulibe mwayi. Maenje 32, njere 64, mutu wako basi. Ukagonja sunganamizire mphepo. Koma yankho lawo linali lakuti bawo sanena kuti njere ndi anthu, pamene bokosi la ku Johannesburg lija lajambula anthu pa timakatoni, ena ndi mfuti, ena ndi zisoti. "Ukajambula munthu, iwe, um'patsenso mtima. Ukam'mana mtima wanama."

Bamboyu ali ndi chifukwa cholankhulira chotero. Anali mwana pamene nkhondo yomenyera ufulu, imene inayamba mu September 1964, inafika m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Apwitikizi anali ndi asilikali a pamadzi pa Metangula, ndipo mabanja ambiri anaoloka usiku kupita ku Likoma ndi ku Malawi. Iye anaoloka ali m'bwato pakati pa mitolo. Atakula anavala yunifolomu pa nkhondo yachiwiri ija ya Frelimo ndi Renamo, imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992. Za nkhondoyo sakonda kukamba. Chimene amanena n'chakuti sanaonepo gulu la asilikali likumenya mpaka onse kutha ngati zitsekerero za drafuti. Awiri atatu akagwa, ena onse amayang'ana mtsogoleri. Mtsogoleriyo akasowa, aliyense amayang'ana phiri.

Mbiri ikugwirizana naye. Pa 25 November 1917, asilikali a Germany otsogozedwa ndi Paul von Lettow-Vorbeck anaoloka Rovuma pa Negomano, pamene mtsinje wa Lugenda umathira. Anali ndi njala, zipolopolo zitatsala pang'ono kuwathera. Apwitikizi anali ndi msasa pamenepo, asilikali mazanamazana, mfuti ndi chakudya. Koma mkulu wawo, Major Teixeira Pinto, anaphedwa, ndipo msasawo unagwa tsiku lomwelo. Ajeremani anatola mfuti ndi zipolopolo zimene zinawathandiza kupitiriza nkhondo m'dziko la Mozambique. Munthu wowerenga mfuti zokha sangamvetse za tsiku limenelo. Chimene chinatha poyamba mumsasamo ndi mtima.

Masewera a mtundu umenewu anachokera kwa asilikali enieni. M'chaka cha 1824, ku Prussia, msilikali wina dzina lake Georg von Reisswitz anaonetsa akuluakulu ake masewera a pa mapu otchedwa Kriegsspiel, okhala ndi madayisi ndi woweruza, ndipo anayamba kuphunzitsira atsogoleri a nkhondo. Patapita zaka zambiri anthu wamba nawo anayamba kusewera m'nyumba zawo. Mu 1977 kampani ya Avalon Hill ku America inatulutsa masewera otchedwa Squad Leader, opangidwa ndi John Hill. M'menemo lamulo la mtima silinali losankha ai, linali msana wa masewera onse, ndipo anthu anawakonda kwambiri kotero kuti mu 1985 munatuluka ena okulirapo, Advanced Squad Leader.

Ubwino woyamba wa lamuloli ndi umene aphunzitsi aja amaumirira, wakuti limanena zoona. Ubwino wachiwiri anauona ndi adzukulu omwewo atayesa kangapo. Popanda lamuloli, wopambana ndi amene ali ndi timakatoni tambiri. Amangotithira kutsogolo, khumi tife bola tiwiri tifike. Lamulo likakhalapo, kasewero kotero sikagwira. Wothamangitsa anthu ake poyera amapeza theka lathawa asanafike pakati pa dambo. Amayamba kufunafuna mitengo yobisalamo, amasunga gulu lina m'mbuyo, amayendetsa mtsogoleri pafupi ndi anthu ake koma osamuika pamoto. Wochepa mphamvu nayenso amakhala ndi mwayi, chifukwa safunika kupha onse, angowaopsa mpaka abwerere. Paja amati mwamuna mnzako ndi pachulu, umalinga utakwerapo.

Asodzi sangadabwe nazo zimenezi. Aliyense amene anapitapo kokakoka chilimila usiku akudziwa kuti ukonde wabwino ndi nyali zowala sizikwanira. Nyanja ikayamba kuwinduka, anyamata amamvera mawu a mkulu wa bwato. Akalankhula modekha, nkhafi zimapalasa pamodzi. Akanjenjemera, aliyense amapalasira kwake ndipo usipa umatsala m'madzi. Nambala ya pa katoni ija ndi mawu a mkulu wa bwato, angoilemba ndi inki.

Dandaulo la dayisi lija silinathe, ndipo siliyenera kubisidwa. N'zoona kuti tsiku lina wosewera bwino amagonja chifukwa cha kuponya kumodzi. N'zoonanso kuti mwana amene akungoyamba kumene amasokonezeka malamulo akachuluka. Pa bawo pomwe, ana amayamba ndi masewera osavuta, malamulo a nyumba amadzawaphunzira pambuyo. Choncho pakhomo paja anagwirizana kuti wachilendo asewere kawiri katatu popanda lamulo la mtima, kenaka alilowetse. Anagwirizananso kuti nkhaniyi izithera pachiyambi, timakatoni tisanayalidwe, osati munthu akaona kuti zamuipira ndiye ayambe kukana lamulo.

Chimene chimawawawa aphunzitsiwo si kupambana kapena kugonja. Amene anabadwa pangano la ku Rome litasainidwa tsopano ndi makolo, ndipo ana awo nkhondo amaionera pa foni ndi m'nyumba za vidiyo, mmene munthu mmodzi amagwetsa anthu makumi asanu osatuluka thukuta. Komanso kuyambira mu October 2017 mfuti zinayamba kulira ku Mocímboa da Praia m'chigawo cha Cabo Delgado, choyandikana ndi Niassa, ndipo anthu zikwi mazanamazana anasiya midzi yawo. Mnyamata amene wakula akuganiza kuti msilikali sachita mantha ndiye wosavuta kumunamiza. Ndiyenso amene adzaseka agogo ake akadzamva kuti anathawira ku Likoma usiku, osadziwa kuti kuthawa kumeneko ndiko kunam'patsa iye moyo.

Makolo amene ana awo apeza masewera otere, kaya a m'bokosi kaya ojambula okha pa katoni ya sopo, asawalande. Angowafunsa ngati asilikali awo amaloledwa kuchita mantha. Mwana amene waona gulu lake likutembenuzidwa, n'kuyenda ndi mtsogoleri kukalitola kuthengo, waphunzira kuti anthu amene ukuwatuma ali ndi polekezera, ndipo phunziro limenelo lidzam'thandiza m'bwato, m'munda ndi pabwalo la mfumu. Akuluakulu anati nkhondo simanga mudzi. Ya pa bolodi yokha ingathandizeko, ikamanena zoona za inzake ija.