Nyumba zogulitsidwa zisanamangidwe

Mu 2017 magazini ya Forbes idati Hui Ka Yan ndiye munthu wolemera koposa m'dziko la China, ndipo chuma chake chidapitirira madola 40 biliyoni a ku America. Mkuluyu adabadwa mu 1958 m'banja losauka m'chigawo cha Henan. Mayi ake adamwalira iye ali khanda, ndipo adaleredwa ndi agogo ake. Atagwirako ntchito pafakitale ya zitsulo, mu 1996 adakhazikitsa kampani yomanga nyumba ya Evergrande mumzinda wa Guangzhou.

Kampaniyi idakula mothamanga chifukwa cha njira imodzi. Inkakongola ndalama n'kugula malo, kenaka n'kugulitsa nyumba zikadali papepala. Ogula ankalipiriratu, ambiri atatenga ngongole kubanki, ena makolo atawasonkhera zomwe adasunga moyo wawo wonse. Ndalamazo, m'malo momalizitsa nyumba za eni ake, zambiri zinkapita kukagula malo ena. Kuti nyumba za dzulo zithe, pankafunika ogula a mawa. Mitengo ya nyumba ikukwera, palibe ankadandaula, ndipo Evergrande idafika m'mizinda yoposa 280.

Apa mtima wa Hui udayamba kulakalaka zambiri. Adagula timu ya mpira ya Guangzhou mu 2010, adalowa bizinesi ya madzi a m'mabotolo, kenaka ya galimoto zoyendera magetsi. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Mu 2020 boma la China lidaika malire a ngongole zomwe makampani omanga nyumba angatenge. Ndalama zobwereka zitasiya kulowa, Evergrande idapezeka kuti ili ndi ngongole zoposa madola 300 biliyoni, ndipo mu Disembala 2021 idalephera kulipira omwe adaikongoza kunja. Hui adagwidwa ndi aboma mu Seputembala 2023. Pa 29 Januwale 2024 khoti la ku Hong Kong lidalamula kuti kampaniyo ithetsedwe. Bungwe loyang'anira msika wa masheya ku China lidapezanso kuti mu 2019 ndi 2020 nthambi yaikulu ya kampaniyo idanamiza anthu powonjezera pafupifupi madola 78 biliyoni pa ndalama zomwe inkati yapeza.

N'zosavuta kunena kuti ngongole ndiyo idagwetsa Hui, koma aliyense womanga nyumba zambiri amakongola. Cholakwa cha Hui chidali kutenga ndalama zomwe anthu adamusungitsa ngati phindu lake. Mabanki, akuluakulu a m'mizinda omwe ankapeza ndalama pogulitsa malo, ngakhale owerengera mabuku a kampani, onse ankadya nawo, choncho wofunsa adasowa.

Zitavuta, ululu udagwera ena. Makontrakitala ndi ogulitsa simenti ndi penti adatsala ndi mapepala olonjeza malipiro. Mu 2022 ogula a mumzinda wa Jingdezhen adalengeza kuti asiya kubweza ngongole za nyumba zomwe sadalowemo, ndipo anzawo m'mizinda ina yambiri adachita chimodzimodzi.

Timakonda kuyeza wamalonda ndi kutalika kwa nyumba zake komanso kutchuka kwa dzina lake. Nkhani ya Evergrande ikutiphunzitsa kufunsa zina tisanapereke ndalama pa chinthu chomwe sichinamangidwe: ndalamazi zikasungidwa kuti, ndani ali ndi mphamvu yozitapa, nanga malonda akaima mawa, nyumbayi idzamalizidwa ndi chiyani? Wogulitsa amene akukwiya ndi mafunso amenewa asapatsidwe ndalama.