Sikelo ya nkhuni pa mtengo wa mango

Mdzukulu wanga wamkazi anapeza ntchito ku bungwe lina logawa mbaula za Chitetezo. Mwezi wathawu anafika kwathu kuno ku Malindi atanyamula sikelo ya mbedza, yonga ija amayezera nyama pamsika, n'kuipachika pa nthambi ya mango. Masiku atatu ankayeza nkhuni m'mawa, mawa lake n'kuyeza zotsala, n'kulemba m'foni.

"Agogo, nkhuni zimene mbaulayi yapulumutsa timaziwerengera ngati utsi umene sunakwere kumwamba. Makampani akunja amalipira zimenezo."

"Iwe, akulipira utsi woti kulibe?"

Anaseka, n'kundifotokozera mofatsa. Akuti mtengo ukapsa umatulutsa mpweya wa kaboni umene ukutenthetsa dziko, koma wina ukamera pamalopo umaumwanso mpweyawo. N'chifukwa chake ena amati nkhuni n'zabwinoko kusiyana ndi malasha kapena mafuta okumba pansi. Sindinatsutse. Ndinangokhala chete, chifukwa masamu onsewo atsamira pa mawu amodzi, akuti ukamera, ndipo ine ndakhala pansi pa phiri la Namizimu kuyambira ndili kamnyamata.

Kale unkameradi. Malemu agogo ake aakazi a mdzukuluyu ankapita kunkhuni dzuwa litatuluka, n'kubwera phala lisanazizire. Sankanyamula nkhwangwa. Ankatola zouma zogwa zokha, kumanga mtolo ndi luzi la mombo, nkhata pamutu, m'nsalu atamangamo masuku a ana. Ndimawaonabe akutsika kanjira kaja, mtolo ukugwedezeka kutsogolo ndi kumbuyo, iwo khosi chilili. Tikadula mtengo wa nsichi tinkasiya chitsa chofika m'bondo, mvula ikagwa zaka ziwiri zitatu mphukira zatalika kuposa munthu. Ngongole ya utsi tinkabweza osadziwa n'komwe kuti ndi ngongole.

Pa kutha kwa mitengo kuno, ndisanamizire ena okha. Ine ndinali msodzi, ndipo kampango ndi milamba sizifika ku Limbe zili zaziwisi. Tinkawamba usiku wonse, ndipo nkhuni zake sizinali zotola. Chambo chitayamba kusowa ku Malombe cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anyamata ambiri amene ankadya za m'madzi anatembenukira kuphiri. Thumba la makala silidikira mwera kuti uleke. Kenaka njerwa: aliyense wobwera ku Joni amafuna nyumba ya malata, ndipo uvuni umodzi umadya mitengo imene banja likanaphikira miyezi. Boma linaletsa njerwa zootcha pa zomanga zikuluzikulu mu 2018, koma utsi wa mauvuni m'midzi muno sunaleke. Tsanya, amene makala ake amayaka mpaka nyemba kupsa, ndiye anayamba kutha. Mitengo itachepa, anthu anayamba kukumba zitsa zomwe. Apo ndiye ndinadziwa kuti tapita. Chitsa ukachizula, ukamerayo achokera kuti?

Mlambe wokha ndiwo watsala chiimire m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay. Sikuti timaulemekeza kuposa inayo. Thunthu lake ndi lofewa ngati chinkhupule, silipanga makala.

Mdzukuluyo akuti ndondomeko ya boma ya makala ya 2017 mpaka 2027 imanena kuti mabanja oposa 97 pa 100 alionse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. Ndinamuuza kuti atatu otsalawo sindinawaonepo kuno. Mbaula yake sindiinyoza ayi. Ndi yadothi, imasunga moto, timitengo tiwiri titatu nsima yapsa. Agogo ake akanakhala nayo mwina chifuwa chija sichikanawavuta chonchija, zaka zonse zija akuuzira moto pa mafuwa, maso ali psuu, m'kakhitchini kopanda zenera. Zimenezi ndikaziganiza usiku tulo timandithawa.

Koma sikeloyo imayeza mtolo wokha. Siifunsa kuti mtolowo wachokera pa nthambi youma kapena pa muzu. Masiku ano akazi kuno akuphikira mapesi ndi zitsononkho, ndipo papepala zimaoneka bwino, akuti palibe mtengo wagwa. Chikhalirecho mapesi aja ndiwo ankaolera m'munda n'kukhala chakudya cha nthaka. Tawaotcha, nthaka yatsala yambee, mvula ikabwera imaikokolola yonse kupita nayo kunyanja. Mu Marichi 2023, nthawi ya namondwe Freddy, timitsinje totsika m'phirimu tinabwera tofiira ngati thobwa la mawere, titasenza miyala ndi mchenga. Matope amenewo amakakhazikika m'madzi osaya m'mene chambo chimakumba zisa zake. Tinathawa nyanja kukadula phiri, phirilo latitsatira kunyanja komweko.

Tsiku lachitatu anamasula sikelo yake, n'kundionetsa manambala pafoni, nkhope ili mwee. Nkhuni zachepadi, ndinaona ndekha. Ndinamuyamika, ndinamupatsa usipa wouma wa pa thandala kuti akadye ku Mangochi boma.

Sindinamuuze kuti malume ake abwera kale kawiri kudzayeza mango amenewa ndi maso. Aumba njerwa kuseri kwa nyumba, zauma, zikungodikira moto. Mtengowo anabzala ndi agogo ake chaka chimene amayi ake anabadwa, ndipo pa nthambi paja chingwe cha sikelo chasiya kamzere.