Kumupezera Munthu Buku Lake

Anthu ambiri amaganiza kuti ife a pa kauntala ya laibulale ntchito yathu ndi kudinda deti ndi kukalipira ana osokosa. Zimenezo timachitadi. Koma pamene ine ndimatuluka thukuta ndi pamene munthu waima patsogolo panga n'kunena kuti, "Amayi, mundipezereko buku labwino, koma lisakhale la nkhani zopeka."

Nditangoyamba ntchito ndinkangofunsa kuti, "La chiyani?" Munthu akati mbiri ya dziko lino, ndinkalunjika pa shelefu ya nambala 968.97, n'kusolola lalikulu kuposa onse. Anandisiyitsa khalidwe limeneli ndi bambo wina wachikulire amene anabwera chakumapeto kwa Januwale, atamva za John Chilembwe pa wailesi tsiku la tchuthi cha pa 15. Ndinawapatsa Independent African, buku la George Shepperson ndi Thomas Price la mu 1958, la masamba opitirira 500. Patapita masiku atatu anabwera nalo atalikulunga bwinobwino m'jumbo.

"Mwanangu," anatero, "bukuli ndi lanzeru ndithu. Koma ndawerenga mpaka maso kuwawa, ku Magomero sitinafikebe."

Iwo ankafuna usiku wa pa 23 Januwale 1915, ine ndinawasenzetsa katundu wa ophunzira a ku yunivesite. Nditawasinthira ndi Let Us Die for Africa la D.D. Phiri, lomwe ndi lalifupi ndiponso losavuta kutsatira, sabata isanathe anabwera akufuna lina. Safunsa anadya phula, ndipo tsiku limenelo wodya phula ndinali ine.

Kuyambira pamenepo funso langa linasintha. Ndimafunsa kuti, "Buku lomwe munawerenga mpaka kumapeto ndi liti? Chinakukomerani n'chiyani?" Wina amati sankatha kulisiya mpaka kandulo kutha. Wina amati ankamumvera chisoni mwini nkhaniyo ngati m'bale wake. Wina amati anadziwiramo zinthu zoti akatsutsire anzake pa bawo. Anthu atatuwa angatchule mutu umodzi, koma sindingawapatse buku limodzi.

Buku latsopano likafika, ndisanaliike pa shelefu ndimayamba ndalilawa ngati ndiwo zili pamoto. Ndimawerenga tsamba loyamba, kenaka ndimatsegula pakati paliponse, poti alembi ambiri amavala suti pa tsamba loyamba lokha. Ndimaona ngati muli anthu oyankhulana kapena ndi ndime zazitali zodzaza zaka ndi mayina. Ndimasuzumira kumapeto kuti ndione kuchuluka kwa manotsi, ndiponso ngati muli zithunzi ndi mapu. Likakhala la zaumoyo, zaulimi kapena zamalamulo ndimayang'ana chaka chomwe linasindikizidwa, chifukwa malangizo akale amatha kupweteketsa munthu. Chikuto ndimachiona pomaliza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mabuku akale amadziulula okha. Mukaligwira buku lotseka n'kuyang'ana m'mbali mwa masamba, mumaona mzere wa litsiro la zala. Pa mabuku ena mzerewo umathera pa masamba makumi atatu oyambirira, kwinako kuli mbee ngati lagulidwa dzulo. Pa ena wada mpaka kumapeto, msana wothyoka, makona opindika. Kapepala ka madeti kamangondiuza kuti buku linabwerekedwa kangati. Litsiro ndi limene limandiuza ngati linawerengedwa.

Lathu la I Will Try ndi lakuda choncho. Mlembi wake, Legson Kayira, anauyamba ulendo wapansi mu 1958 kuchoka kumpoto kwa dziko lino kukafuna maphunziro, nafika mpaka ku Khartoum, kenaka n'kukaphunzira ku America. Ndimalipereka kwa amene amafuna nkhani yoyenda, komanso kwa mnyamata amene mayeso a Fomu 4 sanamuyendere ndipo wabwera nkhope ili pansi.

Mabuku a kundende ndimapereka mosamala. And Crocodiles Are Hungry at Night la Jack Mapanje likunena za kumangidwa kwake ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991, ndipo Fearless Fighter ndi la Vera Chirwa, amene anagwidwa mu 1981 n'kudzatuluka mu 1993, amuna awo a Orton atamwalira kale m'ndende ya Zomba. Pali anthu amene abale awo anasowa m'zaka zimenezo. Ena amafuna kudziwa zonse, ena bala silinapole. Ndimawauziratu kuti bukuli ndi lolemera mumtima, asankhe okha.

Chiyankhulo nachonso ndi nyambo. Agogo ena akangoona Chingerezi amabweza dzanja, koma ndikawatulutsira Mbiri ya Achewa la Samuel Ntara kapena Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe, amakoka mpando n'kuyamba pomwepo, milomo ikugwedera.

The Boy Who Harnessed the Wind la mu 2009 ndimalitchula mosiyana malinga ndi amene wabwera. Kwa mwana wokonda kumasula mawailesi ndimanena za dayinamo ya njinga ndi zitsulo zotola. Kwa mayi amene anaiona njala ya 2002 ndimanena za banja la ku Wimbe ku Kasungu lomwe linkadya kamodzi patsiku. Bukuli limandikumbutsanso za ntchito yanga. Mwini nkhaniyo, William Kamkwamba, atasiya sukulu posowa fizi ankapita ku kalaibulale ka pa sukulu ya pulayimale, ndipo chimene chinamukopa pa buku la Using Energy chinali chithunzi cha makina oyendera mphepo pa chikuto. Chingerezi chinkamuvuta, ankatsatira zojambula. Ndikanakhala ine wa masiku oyamba aja, ndikanamulanda bukulo n'kumupatsa losavuta, loyenera msinkhu wake.

Choncho mukabwera kwa ife musachite manyazi kunena kuti buku lakutopetsani. Libwezeni, mutiuze tsamba limene munalekezera ndi chimene chinakugwetsani ulesi. Pamenepo m'pamene timayambira kukufunirani lanu.