NYUMBA YA SAYANSI IMENE ANA A SUKULU NDIWO APHUNZITSI

Mzinda wa San Francisco, kumadzulo kwa dziko la America, unatenga dzina lake kwa Fransisko Woyera wa ku Assisi. Ansembe a cipani cake anatsegula misyoni kumeneko m'caka ca 1776, ndipo nyumba yao yopemphereramo ya makoma a dothi iri ciriri kufikira lero. Alendo acikatolika ambiri amathera pomwepo. Koma kholo limene liri ndi mwana ku sekondale litsikire ku gombe, pa doko lochedwa Pier 15, kumene kuli nyumba ya sayansi yochedwa Exploratorium.

Mlendo akalowa, cimene cimayamba kumlonjera ndi phokoso. M'nyumba zina zoonetsera zinthu amaletsa kukhudza. Muno zonse nzogwira, nzokoka, nzozunguza. Muli zipangizo mazanamazana za magalasi, maginito, madzi ndi kuwala, ndipo amisiri amene amazipanga amagwira nchito yao poyera, aliyense akuona. Pakati pa cigulu ca anthuco mukuyendayenda anyamata ndi atsikana ovala timalaya topanda manja ta mtundu wa lalanje. Awa ndi ana a ku sekondale, ndipo amachedwa Explainers, ndiko kunena kuti ofotokoza.

Amene anayambitsa nyumbayi m'caka ca 1969 ndi Frank Oppenheimer, mng'ono wa J. Robert Oppenheimer uja wa bomba la atomu. Frank anali katswiri wa sayansi, koma mu 1949 anataya nchito yake pa yunivesite ya Minnesota cifukwa cakuti pa unyamata wake analowako cipani ca Komyunizimu. Anapita ku Colorado kukaweta ng'ombe, ndipo pambuyo pake anaphunzitsa sayansi pa sekondale ya m'tauni yaing'ono ya Pagosa Springs. Munthu wotere anadziwa zimene mwana wa msinkhu umenewu angathe. Cotero kuyambira caka coyamba, nchito yolandira alendo anaipereka kwa ana a sukulu. Iye anamwalira mu 1985, nyumbayo inasamukira ku doko mu 2013, koma mwambowo sunasinthe.

Cionetsero codziwika koposa ndi ca diso la ng'ombe. Wofotokoza amaima pa thebulo, anthu atamzinga, natumbula diso ndi kampeni kakuthwa. Amaturutsa kagalasi ka m'diso, nakaika pa pepala lolembedwa, ndipo zilembo zimaoneka zazikulu. Kenaka amaonetsa kumbuyo kwa diso, kumene kuli kakhungu konyezimira, kobiriwira ngati nthenga za mbalame. Ndiko kamene kamabweza kuwala, ndipo ncifukwa cake maso a ng'ombe amayaka usiku mukawaunika ndi toci ku khola. Ambiri a ife tinakula tikuona zimenezi osafunsa. Amaonetsanso pamene mtsempha wopita ku ubongo umaturukira, malo amene diso silipenya kanthu, ngakhale diso la munthu.

Tsono taganizani, owerenga okondedwa, zimene zimacitika mwa mwana amene wacita zimenezi kambirimbiri. Lero wafunsidwa ndi kamwana ka zaka zisanu, mawa ndi dokotala wa maso amene akungomuyesa. Zoloweza pamtima sizimthandiza pamenepa, pakuti munthu sangafotokoze cimene sanacimvetse. Manyazi amatha pang'onopang'ono. Amaphunzira kufika pa nthawi yake, kuyang'ana munthu wamkulu kumaso mwaulemu, ndiponso, cimene cimatikanika ife akuluakulu, kuvomera pamaso pa anthu kuti yankho salidziwa, napempha wofunsayo kuti ayesere limodzi.

Kunena zoona, ana a ku Exploratorium amalandira malipiro. M'nyumba zina zotere acinyamata amangodzipereka kwaulere. Makolo ena amadandaula kuti nthawi imeneyi ikanakhala yowerenga, mayeso ali pafupi. Dandaulo limeneli nlomveka, makamaka kwa kholo limene lagulitsa mbuzi kuti lilipire sukulu. Ine ndiona kuti mwana amene wafotokozera alendo makumi asanu za kuwala sangaope funso la kuwala pa pepala la mayeso. Ndipo maso a ng'ombe sasowa kwathu kuno. Mphunzitsi wa sayansi ku Katete kapena ku Petauke angawapeze kwa opha ng'ombe Loweruka lirilonse m'mawa, napatsa kampeniko mwana wa kalasi yapamwamba kuti aonetse anzake a kalasi yapansi.